Chitseko cha Apongozi

Nyumba ya njerwa ndinaimanga nkhondo ya ku Mozambiki itatha kale, anthu ambiri atabwerera kwawo. Njerwa ndinaumba ndekha kudambo. Malata ndinakagula ku Chipata nditagulitsa thonje. Kumbali kwathu kuno kwa Zingalume nyumba za malata zinali zowerengeka, ndipo odutsa pa njinga ankacheuka.

M'kati munali pabalaza ndi zipinda zitatu. Chathu, cha ana, ndi china chaching'ono pafupi ndi khomo lotulukira panja. Chitseko chinalipo chakunja chokha. M'makomo a zipinda mkazi wanga anapachikamo zitenje zakale. Zitenjezo zinkandinyansa. Kunja nyumba ya malata, m'kati ngati msasa wa kumunda.

Mkazi wanga ndi wa kutsidya kwa malire. Anabwera nthawi ya nkhondo, iye ndi amayi ake, awiri okha, atasenza mphika ndi bulangete. Anzawo atayamba kubwerera, iwo anatsala. Apongozi anati kumeneko kulibe woti akamuone. Ndinawamangira kanyumba kaudzu kuseri kwa nkhokwe, ka chitseko cha bango. Anakhala mmenemo zaka zingapo osadandaula.

Ine ndi apongozi sitinkalankhulana. Sichinali chidani. Ndi mwambo. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya nawo, sakhala nawo pamphasa imodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira patchire. Mawu amadzera mwa munthu wina. Kwa anzanga zimenezi zinkatha ana akabadwa. Akuluakulu a mbali zonse amakhala pansi, pamaperekedwa kenakake, basi anthu ayamba kupatsana moni. Ife ana anabadwa, koma akuluakulu a kuchikazi kunalibe. Ena anafa, ena sitinkadziwa komwe ali. Panalibe womasula mwambowo. Ndiye tinapitiriza kuthawana pabwalo limodzi, chaka ndi chaka. Ndinkadziwa msana wawo ndi mpango wawo wakumutu. Nkhope ndinkaidziwa pang'ono.

Chaka chimenecho mvula inachuluka. Kanyumba ka apongozi kanapendekeka, ndinakachirikiza ndi mitengo. Miyendo yawo inali itayamba kutupa. Mkazi wanga anati alowe m'nyumba yaikulu, m'kachipinda kaja.

"Nyumba imodzi ndi apongozi?" ndinatero.

"Nanga kakawagwera mudzawauza chiyani anthu?"

"Ndimanga kena."

"Mumange kena, chabwino. Koma miyendo ija, akafuna munthu aziitana ndani kuseri kwa nkhokwe?"

Ankanena zoona. Vuto linali lakuti aliyense wotuluka m'nyumba ankadutsa pakhomo pa kachipindako. Ine wodzuka m'mamawa ndikanawaona atagona. Chitenje chimauluka ndi mphepo. Ndinati alowa, koma ndiyambe ndaika zitseko.

Zitseko zimene ndinkafuna ndinali nditaziona kale. Kuboma ku Chadiza kunali nyumba ya alangizi a zaulimi. Ndinapitako tsiku lina kukafunsa za mankhwala a thonje, ndipo anandilowetsa pabalaza. Zitseko zawo zonse zinali zofanana, za mlombwa, zofiirira, zogobedwa timabokosi, zonyezimira vanishi. Mwana wawo atatseka chimodzi, chinamveka kuti chatsekeka. Ndinakhala pampando maso ali pazitseko. Za mankhwala ndinamva theka.

Nditagulitsa mtedza ndinapalasa njinga kupita kuboma. Kalipentala anali msuweni wanga, mwana wa amalume. Shedi yake inali kuseri kwa msika. Ife asuweni timanyozana, palibe wokwiya.

"Taonani, bwana wa malata wafika," anatero. "Mbuzi zayamba kulowa m'nyumba kodi?"

"Ndikufuna zitseko zitatu. Zam'kati."

"Zam'kati? Ukubisa chiyani? Watenga mkazi wachiwiri?"

"Ndionetse."

Anandionetsa zimene anali nazo. China cha pulayiwudi, chosalala, cha mphako pakati. Anachinyamula ndi dzanja limodzi. China cha matabwa oimika, okhomerera mitanda kumbuyo, ngati cha pagolosale. Chomaliza chinali chomwe chija cha kwa alangizi, cha mapanelo.

"Zam'kati anthu amatenga chopepukachi," anatero. "Cholemerachi n'chakunja, cha akuba."

"Kwa alangizi zili m'kati."

"Alangizi linawagulira boma. Iwe boma lako ndi mtedza."

"Chopepukacho chiswe chidya."

"Chiswe chiyamba kudya iwe, ndiwe wouma kale."

Ndinagogoda cha pulayiwudi. Chinalira ngati chigubu chopanda madzi. Ndinagogoda cha mlombwa. Chinandipweteka chala. Mafelemu a mawindo anga anali a mlombwa, chitseko chakunja cha mlombwa. Ndinkafuna kuti munthu akakhala pabalaza aone mtengo umodzi paliponse. Ndinati zitatu, zofanana, zonse za loko ndi zogwirira zachitsulo.

"Ndi cha apongozi ako chomwe?"

"Makamaka chimenecho."

"Nkhalamba ija ikankha ichi? Ichi chikulemera kuposa iwo."

"Ndi ulemu," ndinatero. "Apongozi anga sangagone kuseri kwa katoni."

Anaseka. "Mtedza ndi wako, msuweni. Ine ndimangopala matabwa."

Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga. Anali akupeta chimanga. Anaika lichero pansi.

"Kuchipinda kwa amayi musaikeko."

"Chifukwa?"

"Amayi sakonda chitseko."

"Kanyumba kawo kali ndi chitseko."

"Cha bango. Chija n'china."

"Chitseko ndi chitseko."

"Bambo a ana, tandimverani kaye."

"Ndalipira kale."

Ndinatuluka kukaona ng'ombe. Mkazi wanga sabwereza mawu. Ndinkadziwa zimenezo, ndipo ndinkadalira zimenezo.

Zitseko zinabwera pa ngolo, zitakulungidwa m'masaka. Msuweni anabwera nazo kudzaika. Anthu anasonkhana pakhonde. Ena ankazisisita, ena ankanunkhiza vanishi. Wina anati nyumba yakhala ngati ofesi ya kuboma. Zinandikomera. Anthu atapita ndinatseka zonse, ndinakhala pabalaza ndekha n'kumayang'ana. Zinagwirizana ndi mawindo. Panalibe chimene ndikanasintha.

Mawa lake apongozi anasamuka. Ine ndinapita kumunda kuti tisakumane. Pobwerako ndinagwetsa kanyumba kaja, mitengo yake ndinaunjika ya nkhuni. Sindinafunse munthu. Kanali kowola.

M'nyumba mwathu woyamba kudzuka anali mkazi wanga, wa kuchitsime. Ine ndinkatsatira. Tsiku loyamba ndikutuluka kuchipinda, ndinapeza chitseko cha apongozi chili chotsegula mpaka kukhoma. Anachitsamiritsa mwala. Ndinaona mapazi awo pamphasa, ndinatembenuza nkhope msanga. Mumtima ndinati msuweni ananena, n'cholemeradi, alephera kuchikankha. Ndinachotsa mwalawo ndi phazi. Ndinakoka chitseko pang'onopang'ono kuti ndisawadzutse. Loko analira kamodzi. Ndinatenga thumba n'kupita ku thonje.

Madzulo ine ndinali womaliza kulowa. Ndinapezanso mwala pomwepo. Ndinachotsa, ndinatseka. M'mawa mwala unali utabwerera. Ndinachotsanso. Zinapitirira choncho. Sindinadzifunse kuti munthu wolephera kukankha chitseko amatha bwanji kuchitsegula n'kukokera mwala. Ndinangodontheza mafuta a njinga m'mahinjesi kuti chisamawavute. Ndinkaona ngati ndikuwasamala.

Iwo sananene kanthu. Akananena kwa ndani? Kwa ine sakanatha. Kwa mwana wawo anati zonse zili bwino, akamwini awagoneka m'nyumba ya azungu, Mulungu awadalitse. Mawuwo anandipeza ndikudya. Ndinasangalala.

Koma anayamba kuwodzera masana. Ndinkawaonera patali, atakhala padzuwa kukhonde, mutu uli pachifuwa, mtedza wosenda utatayika pansi. Nkhuku zinkadya pamiyendo pawo iwo osazithamangitsa. Ndinati ndi ukalamba.

M'mawa wina ndinapeza chitseko chotsegula, mwala pomwepo, koma mapazi kunalibe. Mphasa kunalibe. Anali atasamukira kukhitchini.

Khitchini yathu inali kansakasa kaudzu, makoma olekeza m'chiuno, kopanda chitseko. Unali mwezi wa chisanu. Amene anagonapo panja mu Juni kuno akudziwa. Mphepo imachokera kumapiri n'kulowa m'mafupa. M'mawa madzi a m'ndowa amaluma zala.

Ndinakwiya. Sindinakwiyire chisanu. Ndinakwiyira anthu.

"Uwauze alowe," ndinauza mkazi wanga. "Anthu ati chiyani? Nyumba ya malata, apongozi kukhitchini ngati galu."

"Ndawauza."

"Uwauzenso."

"Akuti m'nyumba simenti ikuzizira."

"Simenti yake iti? Pansi ndi pozira."

"Ine ndanena zimene anena."

Anasenza lichero pamutu n'kumapita. Ndinaganiza kuti nkhalamba yangofuna kundichititsa manyazi. Ndinati aziona okha, chisanu chiwalowetsa. Sichinawalowetse.

Chifuwa chawo chinayamba chouma. Kenako chinatsikira m'kati. Ndinkachimva ndili m'nyumba, zitseko zanga zonse zitatsekedwa. Ndinamanga ng'ombe, mkazi wanga anapita nawo kukiliniki pa ngolo. Kumeneko anawapatsa mapiritsi, anati chibayo chikuyamba, azigona pofunda. Atabwerako anatsika pa ngolo, analunjika kukhitchini.

Masiku amenewo tinali kutola thonje, ine mzere wanga, mkazi wanga mzere wake. Sitinkalankhula zambiri kumunda. Tsiku lina anaima pakati pa mzere.

"Kodi ndinu munkatseka?"

"Chiyani?"

"Chitseko cha amayi."

"Inde. Ankachisiya chotsegula."

"Kutsekera kunja?"

"Nanga ndikanalowa m'kati?"

Anakhala pansi pa thumba la thonje. Anati dzulo thupi litatentha amayi amabwebweta. Amangoti atseka, atsekanso. Iye ankaganiza kuti chitseko amatseka okha, kuti azolowera.

Kenako anandiuza. Analankhula akuyang'ana manja ake.

"Tsiku limene anthu a nkhondo anabwera kwathu, ine ndi amayi tinali kuchokera kumtsinje. Tinawaonera patali, tinagona m'mapira kuseri kwa nyumba. Bambo ndi achimwene anali m'kati. Anthu aja sanalowe n'komwe. Mmodzi anangokoka chitseko n'kumanga chakunja ndi waya. Chinali cha matabwa, bambo anakhoma okha, cholimba. Kenako anayatsa denga."

Ndinali nditagwira thonje m'manja. Sindinaliponye m'thumba.

"Ine amayi ananditseka m'maso. Iwo anaona. Cha bango munthu amachiponda n'kutuluka. N'chifukwa chake m'kanyumba kaja ankagona tulo."

Zaka zonsezo ndinkadziwa kuti bambo ake ndi mlongo wake anafa pankhondo. Sindinafunsepo kuti anafa bwanji. Ndinkati nkhondo ndi mfuti.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinayamba. Munati mwalipira kale."

Sananene mokalipa. Akanakalipa bwenzi zitapepukako. Anadzuka, anayambiranso kutola. Ine ndinatola mpaka kumapeto kwa mzere chifukwa sindinadziwe chochita ndi manja. Nditafika kumapeto ndinasiya thumba pomwepo n'kupita kunyumba.

Ndinalibe chomasulira. Ndinamasula mahinjesi ndi nsonga ya mpeni, mpeniwo unathyoka. Ndinatenga wina. Chitseko ndinachibereka kumsana ndekha, ndinatuluka nacho chopendekera, chinakanda felemu lakunja. Ndinakachitsamiritsa kuseri kwa nyumba. Nditabwerera pabalaza ndinayang'ana. Ziwiri zonyezimira, pachitatu dzenje. Nyumba inaoneka ngati munthu wogululuka dzino lakutsogolo.

Ndinati basi, zatha, alowa. Sanalowe.

Mkazi wanga anawauza kuti chitseko chachoka. Iwo anati akamwini aononga chinthu chawo chifukwa cha ine, ndiye ndilowa ndi nkhope yanji. Anawauzanso mawa lake. Iwo anati mwanawe usandinamize, munthu wachotsa chitseko atakwiya, ndinamva mmene ankachikokera. Chifuwa chinkapitirira. Ndinawatumizira bulangete langa. Analibweza atalipinda bwinobwino. Ndinatchinga makoma a khitchini ndi masaka kuti mphepo ichepe. M'mawa masaka a mbali yakukhomo anali atachotsedwa.

Masiku amenewo chakudya sichinkatsika. Ndikamva chifuwa ndinkasiya kutafuna. Ndinkagona mofunda, iwo ali paphulusa. Kanyumba koti abwerere ndinali nditagwetsa ndekha, ndipo mitengo yake ndi imene ankaotha.

"Mawu anga sakulowa," mkazi wanga anatero. "Akufuna amve kwa inu."

"Ndilankhula nawo bwanji?"

"Sindikudziwa. Ine ndatopa kunyamula mawu a anthu awiri osalankhula."

Mawa lake anapita kukiliniki kukatenga mapiritsi ena. Ana anali kusukulu. Pakhomo tinatsala awiri. Ndinazungulira bwalo. Ndinakaona ng'ombe zimene ndinali nditaziona kale. Kenako ndinakakhala pachitsa pafupi ndi khitchini, nditafulatira. Patsogolo panga panali mtondo wogona chammbali. Munthu wachitatu panalibe. Ndinayang'ana mtondowo.

"Iwe mtondo," ndinatero. Mawu anatuluka ngati ndikuthamangitsa galu. Ndinatsitsako. "Uwauze amayi kuti chitseko ndachotsa."

Ndinatchera khutu. Kenako chifuwa.

"Uwauze sindinakwiye. Uwauze sindinkadziwa."

Panapita nthawi. Ndinati mwina agona. Kenako mawu anabwera, osasa, a kalankhulidwe kawo ka kutsidya. Aka kanali koyamba kumva mawu awo akubwera kwa ine.

"Mtondo, uwafunse akamwini. Chinthu chokongola chija achiika kuti?"

"Kuseri."

"Mvula idzachiononga."

"Chionongeke."

"Mtondo, akamwini akowa ndi ouma mutu. Poika sanafunse. Pochotsa sanafunse. Kanyumba kanga pogwetsa sanafunse."

"Uwauze ndamva."

"Ndamva, ndamva. Ng'ombe nayonso imamva."

Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinafuna kucheuka. Sindinacheuke. Ndinadikira mpaka atapuma.

"Mtondo, uwafunse amayi. Pakhomo paja akufuna pakhale chiyani?"

"Ehe. Lero afunsa."

"Afuna chiyani?"

"Pasakhale kanthu."

"Chitenje?"

"Chitenje chimabisa amene waima kunja. Pasakhale kanthu."

"Cha bango ndingathe kuluka."

"M'nyumba ya malata? Anthu akuseke iwe mtondo pamodzi ndi mbuye wako. Ndati pasakhale kanthu."

"Nanga ine podutsa?"

"Akamwini alibe khosi? Atembenuze. Azitsokomola asanatuluke, ine ndiziyang'ana kukhoma. Tathawana pabwalo zaka zonsezi, tingalephere pabalaza?"

"Nanga chakunja? Chimene chija sindingachotse. Kuli akuba."

"Chija mumatsekera m'kati. Ndilibe nacho mlandu. Kiyi azimusiya pomwepo."

Ndinati chabwino. Ndinayamba kudzuka. Anandiimitsa, kapena kuti anaimitsa mtondo.

"Uwauzenso ichi. M'mawa muja akamachotsa mwala, ndinkakhala ndili maso. Ndinkadziwa kuti ndi iwo. Mapazi awo ndimawadziwa, amaponda ngati dziko analigula. Koma chikangolira chitsulo chija, ndinkaiwala kuti ndi iwo."

Ndinakhala pachitsa paja mpaka dzuwa litandiotcha pakhosi. Kenako ndinakasesa m'kachipinda. Sindinaseseko m'nyumba chikwatirire. Mkazi wanga atabwera anandipeza ndi tsache, sanafunse.

Madzulo a tsiku lomwelo apongozi analowa.

Tinakhala monga ananenera. M'mawa ndinkaima kuchipinda kwanga, ndinkatsokomola, ndinkadutsa nkhope ili kukhoma lina. Poyamba ndinkagunda mpando. Kenako miyendo inazolowera. Iwo anauza mwana wawo kuti nyumba ino ili ndi zifuwa ziwiri, china choona, china chabodza, ndipo chabodzacho n'chimene chimasokosa. Mkazi wanga anaseka ponena. Anali asanaseke kwa nthawi. Anatinso amayi ayamba kuliza mkonono. Ndinkaumva ndikamalowa madzulo. Ndinkayenda monyang'ama.

Alendo ankafunsa za dzenje lija. Ndinkati ndidzabwezera. Msuweni anabwera tsiku lina kudzatenga chimanga cha amalume. Anaima pabalaza manja ali m'chiuno.

"Ntchito yanga ili kuti?"

"Chinatupa."

"Mlombwa wanga sutupa. Chilimwe chino? Usandichotsere makasitomala iwe."

"Ndiye chinandinyansa."

"Chinakunyansa chimodzi, zinzake zofanana nazo ukuzisunga? Msuweni, malata akutenthetsa mutu."

Ndinamusiya. Nkhani ya m'mapira sinali yanga yoti ndiziuza anthu.

Chisanu chinatha. Chifuwa sichinathe. Chinkachepa, n'kubwereranso. Tinapita nawo kukiliniki kangapo. Tinapita nawo kuchipatala chachikulu. Kumeneko anati zaka nazo zachuluka. Anaonda mpaka mphasa inkaoneka yaikulu. Ndinagula shuga, ndinagula bulangete latsopano, ndinapha nkhuku zimene ndinkasungira mbewu. Zonse ankalandira kudzera mwa mwana wawo, n'kubweza zikomo. Ndi mtondo sitinalankhulenso.

Anamwalira nyengo yotentha, mvula yoyamba isanagwe. Anali masana, mwana wawo ali pambali. Ine ndinali kukhonde.

Palibe ananena kuti chinawapha ndi khitchini. Akuchipatala sananene. Mkazi wanga sananene, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anthu a m'mudzi ankati nkhalamba ija inali ndi mwayi, yafera m'nyumba ya malata, mkamwini wake anaisamala. Ankandigwira chanza ponena zimenezo. Ndinkalandira. Ndikanatani?

Msuweni anabwera ndi zida kudzakhoma bokosi. Matabwa a pansi ndi a m'mbali anapezeka kwa anansi. Ovundikira pamwamba anasowa. Amuna anazungulira nyumba kufunafuna, anachipeza chitseko chija chitatsamira pomwe ndinachisiya. Fumbi lokhalokha, koma chili chilili. Awiri anachinyamula kubwera nacho pabwalo.

"Basi, tapeza," msuweni anatero. "Ndingocheka m'mbali. Agona mwaulemu, ndi vanishi yemwe."

"Ayi," ndinatero.

"Ayi chiyani?"

"Chibwezereni."

"Msuweni, chikungokhala. Nkhuku zikunyerapo."

"Ndati ayi."

Adzukulu, amene amakumba manda, anali atakhala pansi pa mtengo wa mango. Pamaliro iwowa amanena chilichonse, palibe wowaletsa.

"Musiyeni," wina anatero. "Akusungira mkazi wachiwiri."

"Ayi, akusungira yekha. Akufuna adzalowe kumanda ngati muofesi."

"Agogo, mwamva? Malata anakubwerekani, chitseko akukaniza."

Ena anaseka. Akuluakulu sanaseke. Amalume anga anandiitanira pambali, anati mwana wanga, usatichititse manyazi, munthuyu analibe wake kuno koma iwe. Ndinati ndamva, koma ayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa chifukwa. Ndinati palibe.

Mkazi wanga anamva phokosolo ali m'nyumba ya siwa. Anatuluka pakhonde, chitenje chili kumutu. Anayang'ana chitseko chili pansi pabwalo. Anayang'ana ine.

"Asiyeni bambo a ana," anatero. "Chimenecho ayi."

Analowanso. Azimayi ananong'onezana kuti akuopa mwamuna wake.

Ndinatenga njinga ndinapita kwa ocheka matabwa kutsidya kwa dambo. Ouma analibe. Ndinatenga aawisi, osapala, a mtengo wamba. Ndinawamanga pa njinga n'kuikankha njira yonse, anthu akundidikira padzuwa. Msuweni anawalandira osandiyang'ana. Tsiku limenelo sanandinyoze, ndipo zinandipweteka kuposa akanandinyoza. Chivundikiro chinatuluka chokhakhala, chosiyana mtundu ndi bokosi, pakati pali mpata woti chala n'kulowa. Anafuna kutseka mpatawo ndi kathabwa. Ndinati ausiye.

Mpaka lero alipo ena m'mudzi muno amene amati ndinamana apongozi anga chitseko. Sindinawayankhepo.